Phazi Limene Linanditulutsa M'nkhondo

Caka ca 1987, nkhondo itafika kwathu ku Mualadzi, amama anathawa usiku atandibereka. Kunali mdima wa ndiwe yani. Tisanafike pamalire a Zambia anaponda m'dzenje, fupa la pakakolo wa kumanzere n'kuthyoka. Agogo anamanga mwendowo ndi timitengo ndi luzi, ulendo n'kupitirira. Fupa linagwirana lokha koma mopendekeka. Nkhondo itatha mu 1992 tinabwerera kwathu, ndipo amama analima, kutunga madzi ndi kusenza fodya pa phazi lomwelo zaka zoposa 20 osadandaula.

Ululu unabwera pang'onopang'ono. M'mawa kakolo ankauma ngati cikuni, madzulo n'kutupa. Anthu anati amama anaponda zoipa m'munda, ndipo anatemedwa mphini kuzungulira phazi lonse. Sizinathandize. Ine ndinayamba kuwagulira mapiritsi a diclofenac pamsika, iwo n'kumamwa tsiku ndi tsiku asanadye kanthu. Ululu unkacepadi, koma patapita miyezi m'mimba munayamba kutentha ndipo cimbudzi cinada bii. Namwino wa ku posito anatiuza kuti mapiritsiwo aboola zilonda m'mimba, ndipo akhoza kuwononganso impso. Ndinacita manyazi, cifukwa wogula ndinali ine.

Tinakwera galimoto mpaka ku Cassacatiza, tinadutsa pa Chanida, n'kukafika ku cipatala ca St Francis ku Katete. Atawajambula, adokotala anatiwonetsa cithunzi. Anati nsonga za mafupa zili ndi kanyama kosalala kamene kamacititsa kuti mfundo iziyenda mofewa. Fupa likagwirana mopendekeka, thupi limalemerera mbali imodzi, kanyamako kamaperepeseka, mafupa n'kumakhulana ngati gudumu la ngolo lopanda girisi. Imeneyi ndiyo nyamakazi, ndipo ya m'kakolo kawirikawiri imatsatira kuthyoka kwakale kapena kubinya kobwerezabwereza. Kanyama kakatha sikameranso.

Kenaka anatiyalira njira zimene zilipo. Yoyamba ndi kupeputsira phazi katundu: nsapato zolimba zofika pamwamba pa kakolo, ndodo yogwirira dzanja la mbali yabwino, kusiya kusenza zolemera, kuthowa ndi madzi ofunda ndi kuyendetsa phazi mofatsa m'mawa uliwonse. Yaciwiri ndi mankhwala: paracetamol ndi mafuta opaka, popeza ibuprofen ndi diclofenac akumwa sanalinso oyenera mimba ya amama. Yacitatu ndi jekeseni wobaya m'mfundo mwenimweni, amene amaziziritsa ululu kwa masabata kapena miyezi yocepa koma sabayidwa pafupipafupi. Yacinayi ndi opaleshoni: dokotala wa mafupa amapala nsonga zoperepesekazo n'kumanga mafupa ndi zitsulo kuti akhale fupa limodzi. Ululu umacepa kwambiri, koma kakolo sapindikanso, ndipo munthu amatha miyezi ngati 3 asanapondere bwino. Palinso yoika mfundo yacitsulo, koma ndi yodula, imacitika m'zipatala zazikulu zakutali, ndipo siikhalitsa kwa munthu wa khasu.

Ine mtima unali pa opaleshoni. Pobwerera ndinati, “Amama, ndigulitsa ng'ombe imodzi, mukakonzedwe.”

Unali mwezi wa Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana. Amama anandiyang'ana n'kunena kuti, “Mwanawe, ukagulitsa ng'ombe, ngolo ikoka ndi ciani? Nanga ndikagona miyezi itatu, mbewu abzala ndani?”

Ndinakwiya njira yonse. Nditafika kunyumba m'pamene ndinazindikira cimene cinkandiwawa. Phazi limenelo linathyoka litandisenza ine, ndipo ndinkafuna kubweza ngongole. Koma phazi ndi la amama, ndipo amene amadziwa cimene akulifunira ndi iwo. Sankafuna kuthamanga. Ankafuna kufika kumunda, kumaliro ndi kucinamwali.

Tinasankha njira yoyamba ndi yaciwiri. Ng'ombe sinagulitsidwe, ndiyo imawakokera pa ngolo kupita kudimba. Ndinawagulira majombo olimba pamsika wa ku Katete, malume anawasemera ndodo, ndipo madzi amatunga adzukulu. Ululu sunathe. Nyengo yozizira ya Juni amagona mocedwa, akuthowa phazi pafupi ndi moto. Tinapangana kuti tsiku limene adzalephera kufika pakhomo la mnansi, tidzabwerera kwa adokotala kukakamba za opaleshoni, ndipo tidzasankha nthawi yoti takolola kale.

Mu Ogasiti wapitayu tinapita nawo ku Kulamba ku Mkaika, kukalambira Kalonga Gawa Undi. Kale amama ankavina mpaka fumbi koboo. Ulendo uno anakhala pa mphasa, ndodo ili pambali, akuwomba m'manja ndi kuyambitsa nyimbo, ndipo mawu awo ankamveka kuposa a atsikana.

Abale anga a m'malire muno, munthu akathyoka kapena kubinya kwambiri, musangomumanga luzi. Pitani naye akamujambule, fupa likhale m'malo mwake lisanagwirane. Kakolo akatupa mwadzidzidzi n'kutentha, thupi lonse n'kuphwanya, pitani tsiku lomwelo, cifukwa m'mfundo mukhoza kukhala mafinya. Amama analibe mwayi umenewo mu 1987, popeza kumbuyo kwawo kunkalira mfuti. Ife lero msewu wa ku cipatala uli wotseguka.