Kabokosi kolembamo dzina kangathe kukhala khomo la mbava

Mu February 2024, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti adalowa m'makompyuta okonzera mapasipoti ndipo ankafuna dipo. Ngati boma lidaona zotere, nanga sukulu zathu?

Ndikapita kwathu ku Mbayani patchuthi, ndimamva eni sukulu zoyima pazokha akunyadira mawebusayiti awo. Mawebusayiti ambiri amamangidwa pa WordPress, n'kuwonjezeramo timapulogalamu totchedwa plugin. Kamodzi kakakhala ndi bowo, wakuba amalemba lamulo la kompyuta m'kabokosi kofunsa dzina. Nkhokwe yosunga zonse, posasiyanitsa dzina ndi lamulo, imangomvera n'kukhuthula maina a ana, malikisi awo ndi manambala a makolo. Akatswiri amati SQL injection.

Monga mphunzitsi, chimandiopsa n'chotsatira chake. Kholo likalandira foni yotchula dzina la mwana ndi kalasi yake, yoti wadwala tumizani ya mankhwala, silingakayike.

Eni sukulu, musanamulipire wokonza webusayiti, mufunseni kuti adzayika ndani zigamba zomwe opanga plugin amatulutsa. Akapanda kuyankha, manambala a makolo akhale m'kaundula wa muofesi.