Kucoka ku Livingstone na katundu wa anthu a ku komboni

Tsiku lodula kwambili pa holide ni lotsiliza. Lodge mwalipila, foni yadzala na ma selfie, m'thumba mwatsala cabe ya mafuta na ya cakudya ca panjila. Apo m'pamene nkhope za ku komboni zimayamba kubwela m'mutu imodzi-imodzi: aneba amene akukuyang'anilani nyumba, alandilodi, alamu, anzanu a ku nchito. Onse ali na funso limodzi lokucingamilani pa geti: "Mwatibweletsela cani?" Ndipo mu Lusaka, kuyankha kuti "tabwela na moni" ni kudzigulila mbili yoipa ya mwezi wathunthu.

Banja lathu linapita ku Livingstone pa holide ya April, anthu asanu na mmodzi mu Noah ya amalume: iwo, amai, ambuya, ine, mufana wanga na kamwana ka sisi. April ni nthawi imene Zambezi imakhala yodzala, ndiye pa Knife-Edge Bridge tinanyowa monga tagwela mu dilamu. Za mathithi mwaziona kale pa Facebook ya aliyense. Ine nifuna kukamba za ulendo wobwelela, cifukwa ndiwo umatsiliza ndalama.

Tinayambila pa Mukuni Park, msika wa zosemasema umene uli pakati pa tauni, m'mbali mwa Mosi-oa-Tunya Road. Mvuu, njovu, ng'oma, mbale, masipuni, mabangili a kopa, na ma giraffe aatali kupambana mwana wa giledi 1. Aliyense akuitana: "Ba sister, ngenani muone cabe, kuona ni mahala." Kuona ni mahala zoona, koma kutuluka manja-manja pambuyo pakuti munthu wakupukutila mvuu na shati yake, pafunika mtima wa mwala. Mtengo woyamba ni wa mzungu. Amai anangoseka nakamba kuti, "Mwana wanga, ise ndise ba kwacha, osati ba dollar," ndipo mtengo unatsika pamenepo. Ena amavomela kusinthana: mufana wanga anasiya kapu yake, anatenga kanjovu.

Manje mvelani. Mvuu imeneyo, njovu imeneyo, mudzaipezanso pa Kabwata Cultural Village ku Burma Road, ulendo wa minibasi imodzi kucoka mu tauni. Ngati colinga ni kukhala na mvuu pa TV stand, palibe cifukwa coinyamulila makilomita oposa 450. Cimene cinanigwila mtima ku Livingstone n'cakuti osema ambili amacokela ku mudzi wa Mukuni, pafupi na mathithi, ndipo ena mumawapeza ali na sandipepa m'manja. Ndiye kunenelela mtengo kukhale na polekezela. Tonse timadziŵa kuwawa kwake bwana akakudula malipilo. Osacita cimodzimodzi kwa munthu amene wathela masiku pa cipika ca mukwa.

Zinthu ziŵili n'zimene ningakambe kuti zili na fungo la malo aja. Coyamba ticipeza pa buliji ya Victoria Falls, ija inamangidwa mu 1905, pamene anthu olimba mtima amadumpha bungee mamita 111. Anyamata amayenda na mitolo ya ndalama zakale za ku Zimbabwe, ndipo mfumu yake ni pepa ya madola 100 thililiyoni: nambala 1 na mazilo 14 kumbuyo. Inatuluka mu January 2009, nthawi imene mitengo ku Zimbabwe inali kukwela munthu akali pa mzele wa buledi, ndipo m'caka comweco dziko lija linaleka kuseŵenzetsa ndalama yake n'kuyamba za maiko ena. Kumbuyo kwa pepayo kuli njati na mathithi omwewo amene mwaimapo. Lelo alendo amaigula na madola a ku America. Amalume anaigwila nthawi yaitali, osaseka monga ife. Iwo anakula mu zaka zimene kwacha nayo inali kuthamanga, tikalibe kucotsako mazilo atatu mu 2013. Cenjelani cabe: zokopela zilipo, ndipo pepa yosalala monga ya pa fotokope ni ya pa fotokope.

Caciŵili ni Nyaminyami, kamkanda ka mutu wa nsomba na thupi la njoka. Acinyamata amavala monga fashoni, koma kwa Atonga a m'cigwa ca Zambezi ni mzimu wa mtsinje. Pomanga damu ya Kariba m'zaka za m'ma 1950, anthu pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'midzi yawo ku mbali zonse ziŵili za mtsinje. Madzi osefukila a mu 1957 na 1958 anawononga nchito ya pa damu, ndipo akulu-akulu anati ni mkwiyo wa Nyaminyami cifukwa cipupa cinamulekanitsa na mkazi wake. Malaiti amene timalila nawo mu Lusaka pa load shedding amacokela pa cipupa comweco. Mufana wanga anagula kamodzi. Ambuya, amene saphonya ku chechi olo mvula igwe bwanji, anakayang'ana n'kuti, "Ico cinjoka m'nyumba mwanga siciloŵa." Nkhani imeneyo inatifikitsa ku Zimba.

Kalomo tinangopitilila, olo kuti kanali likulu la boma la atsamunda Livingstone isanatenge udindowo mu 1907. Pa Choma tinaima. Amene mumayenda pa basi mumadziŵa cabe toileti na chips ya pa siteshoni, koma Choma Museum ili m'mbali mwa mseu waukulu womwewo, ndipo muli mabasiketi a Atonga olukidwa na mlaza, pansi pa makona anai, pakamwa pozungulila. Ku ma lodge amawakoloŵeka pa cipupa monga zithunzi. Ku mudzi ni opetela. Amai anasankha imodzi, anaitembenuza, anaikanikiza na cala kuona ngati yalimba. Pa zonse zimene tinagula ulendo uno, iyi ndiyo nikhulupilila kuti idzakhala ikali pa nchito pakapita zaka khumi.

Kucokela apo, shopping yeniyeni inayamba, ija ilibe dzina la souvenir. Southern Province ni dziko la ng'ombe, ndiye cakumadzulo pafupi na Monze amalume anaimika motoka pa vigubu va mabisi na cibwantu. Patsogolo pang'ono, kandolo woyamba wa caka, nshawa zaziŵisi, maungu. Apa amai sananenelele maningi. Anangopempha mbasela, anapatsidwa. Ku Mazabuka minda ya nzimbe ya Nakambala inatiperekeza mpaka maso kulema, ndipo kamwana ka sisi kanalila kufikila titakagulila nzimbe imodzi. Pokwela Munali Hills, Noah inali kubuula. Ambuya mapazi anali pa thumba la kandolo, ine cigubu pa miyendo, giraffe ya amalume khosi lili pakati pa mipando monga nayo yalipila.

Tinawoloka buliji ya Kafue kutada, Chilanga, kenako malaiti a Lusaka na traffic yake imene inali kutiyembekeza monga ngongole.

Ku Chawama kugaŵa kunacitika usiku womwewo, pa khonde, ma ukwa bag akalibe kumasulidwa. Aneba anatenga kandolo na theka la mabisi, anavina. Alandilodi tinawapatsa masipuni a mtengo okongola, a mutu wa mbizi. Anawatembenuza uku na uku, anati zikomo, kenako anafunsa ngati mabisi yatsalako. Anzanga a ku nchito anapatsana pepa ya thililiyoni desiki na desiki, aliyense kujambula nayo, ndipo mpaka lelo niifunafuna. Basiketi ya ku Choma ili kale na tomato. Nyaminyami anagona panja masiku aŵili, ambuya osasintha maganizo, manje alendewela pa galasi ya Noah ya amalume.