Wofuna Kugwetsa Ayambe Waphunzira Kugwa

Anyamata onse akonda kugwetsana. Tiwaona ku dambo kobusa, tiwaonanso pa bwalo la sukulu, ndipo ife aphunzitsi tidziwa bwino misozi imene itsata masewerawo. Tsono popeza kuli kugwetsana kwina kwa malamulo, kochedwa judo, kumene anyamata ndi asungwana aphunzira m'maiko ambiri, ndafuna kulemba mau pang'ono olangiza oyamba kumene, pamodzi ndi akuru amene awalera.

Judo inacokera ku Japan. Anaiyamba ndi mphunzitsi dzina lace Jigoro Kano, wobadwa m'caka ca 1860, amene pa unyamata wace anali wocepa thupi ndi wosowa mphamvu. Iyeyo anaphunzira kulimbana kwakale kwa kwao kochedwa jujutsu, nacotsamo zoopsa zambiri, natsegula sukulu yace ya Kodokan m'mzinda wa Tokyo m'caka ca 1882. Pambuyo pace anakhala zaka zoposa 20 mkuru wa sukulu yophunzitsa aphunzitsi m'mzinda womwewo. Cifukwa cace anakonza judo monga momwe tikonzera maphunziro a ana, kuti coyenera kuyamba ciyambe, ndi coyenera kutsiriza citsirize.

Nanga coyambaco nciani? Ndico kugwa. Wophunzira watsopano afika ndi mtima wofuna kugwetsa anzace tsiku lomwelo, koma mphunzitsi amuika pa mphasa yocindikala, namuuza kuti adzigwetse yekha, cagada, cammbali ndi cogubuduzika, tsiku ndi tsiku. A ku Japan achula phunziroli ukemi. Cibwano citsamire pa cifuwa kuti nkhongo isagunde pansi. Msana upindike ngati uta. Mkono wonse uombe mphasa nthawi yomweyo thupi lifika pansi, kuti kugundako kugawanike. Coletsedwa koposa ndico cimene thupi lifuna kucita lokha, ndiko kutambasula dzanja kuti munthu adzicirikize. Pakuti kulemera konse kwa munthu kukatsikira pa mkono umodzi woongoka, cimene cithyoka ndi mfundo ya dzanja, cigongono, kapena fupa la paphewa.

Phunziroli liri ndi phindu lina loposa kusunga mafupa. M'zaka zanga za kuphunzitsa ndaona kuti mwana woopa kulakwa pamaso pa anzace acedwa kudziwa masamu, cifukwa sayesa konse. Momwemonso pa mphasa: woopa kugwa aumitsa miyendo ndi manja, nangokankha mnzace ngati nkhosa yamphongo, natopa msanga osaphunzira kanthu. Koma wodziwa kuti akagwa adzauka wamoyo ayesa kawiri kawiri, nagwa, nayesanso. Ndipo kugwetsa kwa judo sikudalira mphamvu zokha. Taganizani za mtondo wosinjiramo: ukaima ciriri, mwana sangathe kuusuntha, koma mukaupendeketsa pang'ono, mwana yemweyo augwetsa ndi dzanja limodzi. Comweco wa judo ayamba wapendeketsa mnzace, pomkoka pamene iye akankha, ndi pomkankha pamene iye akoka. Atatero alowa pansi pace, ndipo pamenepo ndi pomwe amgwetsa.

Phunziro laciwiri liwawa koposa kwa mnyamata wodzikuza, ndilo kubvomera kuti wagonja. M'judo muli magwiridwe opinda cigongono ndi ofinya khosi. Mitsempha ya mwazi ya m'khosi ikafinyika, munthu akomoka m'kamphindi kocepa. Ndipo cigongono cikapindidwa kupitirira malire ace, kucira kwace kutenga masabata kapena miyezi. Ncifukwa cace pali lamulo lakuti wogwidwa aombe kawiri ndi dzanja pa thupi la mnzace kapena pa mphasa, ndipo ngati manja ace ali omangika, aombe ndi phazi kapena apfuule. Wogwirayo aleke pomwepo osacedwa. Mnyamata iwe, omba msanga, usanamve kuwawa kweni kweni. Palibe manyazi m'menemo, pakuti ngakhale obvala lamba wakuda anaomba kosawerengeka pamene anali kubvala woyera. Woomba adzabweranso mawa kudzaphunzira. Wouma mutu adzakhala kunja ndi mkono womangidwa, naonerera anzace alikumpitirira.

Kumbukaninso kuti mnzanu wakubwerekani thupi lace kuti muphunzirirepo, ndipo cobwereka cibwezedwa cosaonongeka. Pomgwetsa musataye mkono wa malaya ace, koma muugwirebe kuti agwe bwino. Wengani zikhadabo za kumanja ndi kumapazi, bvulani mphete, capani malaya, sambani mutatha kusewera. Ndipo wokhala ndi cipere kapena cironda asakwere pa mphasa kufikira atacira, cifukwa nthenda za pakhungu zifalikira msanga pamene anthu akhudzana cotere.

Inu akuru, mwana wanu akapempha kukaphunzira, pitani mukaone nokha. Mphunzitsi wabwino adziwika ndi izi: ali ndi mphasa zofewa, ayamba ndi kuphunzitsa kugwa, sapereka mwana watsopano kwa wamkuru waukali, ndipo saphunzitsa ana ang'ono kufinya khosi. Mumuuzenso mwanayo kuti zimene aphunzira kumeneko asaziyese pa nthaka youma ya pabwalo, kapena pa ang'ono ace amene sadziwa kugwa.

Kano anaphunzitsa kuti mphamvu igwire nchito mosamala, ndi kuti osewera onse awiri apindule. Makolo athu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Tsono woyamba kumene asawerenge anthu amene wawagwetsa m'caka cace coyamba. Akafika kumapeto kwa cakaco mafupa ace ali athunthu, ndi anzace onse alikufunabe kusewera naye, wayamba bwino.