Mpira wa manja

Pa sukulu ina ku Angónia, ana ankasewera mpira wa manja. Gulu lililonse linali ndi osewera 7. Mmodzi anali wapagolo.

Mtsikana wina analandira mpira. Anathamanga nawo, naponya m'golo.

Aphunzitsi anaimba mluzu.

"Palibe cigoli, mwanangu. Wayenda mapazi 5 mpira uli m'manja. Lamulo likulola mapazi 3 okha."

Mtsikanayo analira. Anafuna kucoka m'bwalo.

Aphunzitsi anamuitana.

"Bwerera, yesanso. Usamenye mpira ndi phazi. Usaponde mzere wa mamita 6. Mkatimo ndi mwa wapagolo yekha."

Mpira unabweranso. Mtsikanayo anawerenga mapazi: limodzi, awiri, atatu. Anapatsira mnzake. Mnzake anaponya.

Cigoli! Onse awiri anadumpha ndi cimwemwe.