Chiloboti Chopanda Mass Chingayende Bwanji?

Aphunzitsi anzanga ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, funso la sabata ino lachokera kwa mnyamata wina yemwe ndinamuphunzitsa kuno ku Phalombe. Iye ndi anzake a ku koleji amachita masewero a patebulo omwe aliyense amakhala ngati dalaivala wa chiloboti chachikulu cha nkhondo, ndipo zonse zimagamulidwa ndi buku la malamulo. Odziwika mwa masewero otere ndi BattleTech, omwe anayamba ku America mu 1984, ndipo maloboti ake ambiri amakhala a matani 20 mpaka 100. Mkangano wawo ndi uwu: chida china chikachotsa mass yonse ya chiloboti, pamalo pomwe palibe gravity, chilobotcho chitani? Chiyandama, chiima, kapena chithawa?

Ena muti n'zachibwana. Ine ndikuti funsoli lagunda pamene ana athu ambiri amagwera mu Physics.

Vuto limayambira pa chilankhulo. M'Chichewa tili ndi liwu limodzi, kulemera, ndipo timalisenzetsa katundu muwiri, mass ndi weight. Mwini chigayo nayenso timati ndi wolemera, koma imeneyo ndi nkhani ina. Mass ndi kuchuluka kwa zomwe zapanga chinthu. Weight ndi mphamvu yomwe dziko likukokera chinthucho pansi. Taonani sikelo yopachika yomwe mavenda amagulira nandolo ku Migowi kapena ku Chiringa. M'kati mwake muli sipuling'i, choncho imayeza kukoka ngakhale imalemba makilogalamu. Mutaipachika kumwezi, komwe kukoka kumachepa kasanu ndi kamodzi, thumba la makilogalamu 50 lingaonetse 8 ndi pang'ono. Mlimi angalire kuti amubera, chonsecho m'thumbamo simunachoke nandolo ndi mmodzi yemwe.

Tiyeni tichotse gravity yokha poyamba. Chiloboti cha matani 100 sichipondanso nthaka, koma matani ake onse alipo. Ngati chinali chitaima, chikhalabe pomwepo. Ngati chinali kuyenda, chipitirira molunjika pa liwiro lomwelo mpaka china chitachiimitsa. Isaac Newton analemba zimenezi mu 1687. Miyendo yake ilibenso ntchito chifukwa palibe choponda. Kuti chisunthe chiyenera kuponya kapena kuuzira china chake kumbuyo, monga imachitira roketi. Ndipo chikakupanikizani kukhoma chikuswani nthiti ndithu, ngakhale sikelo ikuti zilo. Wakabaza amazidziwa izi popanda buku. Pamsewu wosalala njinga ndiyo imasenza thumba la chimanga, koma kuyamba kupalasa n'kowawa, ndipo mbuzi ikadumphira kutsogolo mabuleki amachedwa kumva. Chimene chikukana pamenepo ndi mass.

Tsono tichotse mass imene. Lamulo lachiwiri la Newton limati acceleration ndi force kugawa ndi mass. Ikani zilo pansipo. Mwana wa Fomu 1 akuuzani kuti kugawa ndi zilo n'koletsedwa, ndipo akunena zoona: apa masamu a Newton afika pamalire ake. Yankho limachokera ku zomwe Albert Einstein anayambitsa mu 1905. Chinthu chopanda mass sichingaime, sichingayende pang'onopang'ono, chili ndi liwiro limodzi lokha, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Chinthu chotere timachiona tsiku lililonse, ndicho kuwala. Kuwala komwe kumagwa pa phiri la Michesi m'mawa kumakhala kutachoka kudzuwa mphindi 8 ndi masekondi 20 zapitazo. Choncho chiloboti chathu sichingayandame n'kumadikira adani. Sekondi imodzi ndi pang'ono chingakhale chitafika mtunda wa kumwezi, makilomita 384,400, chopanda buleki. Izi tikungonena mongoyerekeza, pakuti chitsulo chochotsedwa mass sichingakhalenso chitsulo.

Komanso kusowa mass sikupulumutsa chinthu ku gravity. Pa 29 May 1919, dzuwa litachita kadamsana, Arthur Eddington anajambula nyenyezi ali pa chilumba cha Príncipe, kufupi ndi gombe la kumadzulo kwa Africa, ndipo anapeza kuti kuwala kwake kumakhota podutsa pafupi ndi dzuwa.

Maganizo anga ndi akuti olemba malamulo a masewero akati chinthu chilibe mass, kawirikawiri amatanthauza kuti chilibe weight. Amasokoneza ngati ana athu omwe, ngakhale chilankhulo chawo chili ndi mawu onse awiri. Osewera angagwirizane kuti chilobotcho chiziyandama koma kuchikankha kuzitengera matani ake, masewero n'kupitirira.

Kwa ife aphunzitsi nkhaniyi ndi ya malikisi. Pa mayeso a MSCE mwana amalemba weight m'makilogalamu m'malo mwa ma newton, n'kuluza funso lomwe amalidziwa. Wina amalemba kuti anthu a pa International Space Station amayandama chifukwa kulibe gravity, pomwe pa mtunda wa makilomita 400 kukoka kwa dziko kumangochepa ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Anthuwo akugwa mozungulira dziko pamodzi ndi chombo chawo.

Sukulu zathu zambiri zilibe labotale, koma izi sizifuna labotale. Ine ndimamangirira zidebe ziwiri pa nthambi ya mango ndi zingwe zazitali zofanana, china chopanda kanthu, china chodzaza mchenga, zonse zovindikira. Weight yonse yasenzedwa ndi chingwe, palibe akunyamula kanthu. Mwana aliyense amakankha chidebe chilichonse cham'mbali ndi chala chimodzi, kenako amachiimitsa chikubwerera. Ndikatero ndimafunsa kuti chala chamva chiyani, popeza sichinanyamule. Chingwe chikhale cha nayiloni. Luzi limaduka, ndipo phunziro limasanduka la gravity basi.