Nsima Yogula ku Rufunsa

Munthu wocoka ku Lusaka kunka kum'mawa pa mseu waukuru uja wochedwa Great East Road, akapitirira Chongwe ndi akasupe a madzi otentha a pa Chinyunyu, ayamba kuona kuti dziko lasintha. Minda ya m'cidikha itsalira m'mbuyo, mseu nuyamba kukhotakhota pakati pa mapiri ndi nkhalango za mitengo ya mombo, ndipo m'mphepete mwace muli matumba a makala oimikidwa ngati asilikari. Pakati pa mapiri amenewa ndi pamene pali Rufunsa, dziko la Asoli, la mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda.

Kale Rufunsa inali mbali ya Boma la Chongwe, ndipo apaulendo ambiri anali kungoidziwa monga dzina la pa cikwangwani. Koma m'masiku a Pulezidenti Michael Sata, amene analamulira dziko kuyambira 2011 kufikira 2014, malowa anakwezedwa nakhala Boma paokha. Pomwepo panafika anthu amene sanabadwirepo: makalaliki, apolisi, alangizi a zaulimi ndi aphunzitsi, kuonjezera pa anyamata ndi atsikana ophunzira unamwino ku Mpanshya, kumene kuli cipatala ca St Luke's ca Akatolika. Aliponso ofunafuna golide m'mitsinje ya m'mapirimo, ndi oyendetsa malole onka ku Chipata ndi ku Malawi. Onsewa dzuwa likafika paliombo mimba zao zilira, ndipo ambiri a iwo alibe mkazi kapena mai wowaphikira pafupi. Ndico cifukwa cace m'mbali mwa mseu munamera tinyumba ta zakudya, timene ena atichula lesitilanti, ena tuntemba, ndipo okalamba angoti hotela.

Wolowa m'kanyumba kotere asayembekeze zodabwitsa. Muli matebulo awiri kapena atatu oyalidwa pulasitiki, mipando yosalingana, ndi nsaru pakhomo yoletsa nchenche ndi pfumbi la malole. Kuseri kuli mbaula zingapo, ndi mai atagwira mthiko ndi manja onse awiri, thukuta liri kamukamu. Pepala la maina a zakudya palibe, munthu angofunsa kuti, "Amai, lero kuli ndiwo zanji?" ndipo iwo abvundukula miphika mmodzi mmodzi kuti maso adzionere okha. Masiku ambiri muli nkhuku ya kumudzi, nyama ya mbuzi, nyemba, repu, cibwabwa cotendera, ndi nsomba zouma zocokera ku mlatho wa Luangwa, kumene mabasi onse a kum'mawa amaima kuti anthu agule nsomba ndi madengu. Kapenta sasowa, ndipo ndiye bwenzi la wosauka. Ocepa mwa omudya adziwa kuti kansomba kameneka nakonso nkobwera ku Kariba: kanatengedwa ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za 1967 ndi 1968 nikaikidwa m'menemo, ndipo tsopano kadyetsa anthu m'mapiri mopanda nyanja.

Mtengo wa mbale utsata ndiwo. Nsima njofanana kwa onse, mitanda iwiri, kotero kuti munthu woceza naye ungadziwe za m'thumba mwace poyang'ana kambale kakang'onoko. Mwezi ukangotha, maofesi atalandira, nkhuku itha isanakwane wani koloko. Koma pofika pa 20 nkhuku yomweyo igona mumphika kufikira madzulo, nyemba ndi kapenta nkutha msanga.

Komatu cimene cibvuta mwana woleredwa kumudzi polowa muno si mtengo ai. Ndi mwambo. Makolo akale sanali kugulitsa nsima. Munthu wa paulendo anali kunyamula kamba wace, mbatata yooca kapena nsawa zokazinga, ndipo kukamdera anali kupatukira pa mudzi uli wonse, nalandiridwa kwa mfumu, napatsidwa madzi ndi nsima asanafunsidwe ndi dzina lomwe. Anali kuti mlendo ndi mame, sakhalitsa. Ndiponso kupatsa nkuika. Mwana wodya yekha kuseri kwa nkhokwe anali kudzudzulidwa koposa mwana wosweretsa mbiya. Tsono mwana yemweyo atakula, nakhoza mayeso, napeza nchito, alowa m'nyumba mmene anthu asanu ndi mmodzi akhala mogundana mapewa, yense ndi mbale yace, yense maso pansi. Mnzace akalowa, pakamwa panena pokha kuti, "Tidye," pakuti ndimo anaphunzitsidwira. Koma mtima uli phaphapha kuopa kuti angabvomere. Ndipo winayo, podziwa malamulo a m'nyumba zotere, ayankha kuti, "Zikomo, pitirizani," ngakhale njala iri kumpotokola. Onse awiri anama mwaulemu, ndipo onse awiri adziwa.

Mnyamata wina wa ku Katete, atatsiriza Giredi 12 nakhala zaka ziwiri pamudzi, anapeza nchito ya ukalaliki mu imodzi ya maofesi a pa Rufunsa. Anapeza kacipinda ka lendi, koma analibe mphika ngakhale mbaula, motero mnzace wa pa nchito anamtengera kwa mai wina wophika pafupi ndi pokwerera basi, namcitira umboni. Maiwo anaturutsa buku la sukulu lothimbirira ndi mafuta, nalemba dzina lace pamwamba pa tsamba latsopano. Kuyambira tsiku limenelo anali kudya nkhomaliro yace pamenepo, mbale iri yonse ndi mzere umodzi m'bukumo, kulipira pakutha pa mwezi.

Tsiku lina, mwezi uli kutali ndi kutha, atangosamba m'manja, pakhomo panaima mkuru wina wa imvi, ndi ndodo ndi kathumba, napempha madzi akumwa. Mnyamatayo anamzindikira msanga: anali mnzao wa malemu agogo ace, wa mudzi woyandikana ndi kwao, amene anacokera kukaona mwana wace wodwala ku cipatala, nakhala akudikira basi kuyambira m'mamawa. Ananyamuka, nagwira dzanja la mkuruyo ndi manja awiri, nati, "Ambuya, mwafika kuno? Lowani, tidye."

Mkuruyo sanadziwe malamulo a m'nyumba zogula nsima. Anatsamiritsa ndodo yace pa khoma, nakhala pansi, natambasula manja kuti amthirire madzi. Mnyamatayo anayang'ana mitanda yace iwiri ndi tinsomba tace, nayang'ananso buku lija liri pa shelefu, pakuti tsamba lace linali litadzala kale kuposa mmene anafunira. Maiwo anaona zonse. Anabwera ndi cipande, naonjezera mtanda wacitatu ndi msuzi, nanena motsitsa mau kuti, "Mwananga, nsima ndaonjezera, imeneyo sindilemba. Koma nsomba sindionjezera, pakuti nanenso ndinagula."

Anadya mbale imodzi monga kumudzi, mkuru kuyamba, mnyamata kutsata, namsiyira mutu wa nsomba. Atatha, mkuruyo anaomba m'manja kuloza kwa maiwo, nawathokoza monga athokozera mwini khomo, nawafunsa mfunda wao ndi kwao kwa amuna ao; kenaka anamasula kathumba kace nawapatsa nsawa zodzala manja awiri. Za ndalama sanafunse, cifukwa m'mutu mwace munalibe ganizo lakuti nsima imene mwana wa mnzace wamuitanira ingakhale ndi mtengo.

Atafika kwao anasimba. Anati mwana uja ali bwino ndithu, ali ndi nyumba pamseu peni peni pamene moto suzima, ndi mai womsamala ngati wobala yekha. Mbiri yabwino iyenda msanga pa Great East Road. Mwezi wotsatira anatsika pa Rufunsa atsibweni ace ocokera ku Lusaka, kuti angomuona. Pambuyo pace msuweni wace ndi mkazi wace ndi ana awiri. Kenaka mnyamata wina amene iye sanamdziwe nkomwe, koma anachula maina onse a kumudzi osaphonya. Onsewa anafika nthawi ya nkhomaliro, pakuti basi yocoka ku Lusaka m'mawa ndi yocoka ku Chipata mbandakuca zipyola m'mapiri amenewa dzuwa litakwera. Ndipo onsewa sanadye kapenta, popeza mlendo sapatsidwa kapenta nkhuku iri mumphika poonekera. Walira mvula walira matope. Pakutha pa mwezi umenewo, atawerengera pamodzi ndi maiwo mizere ya m'buku, anaona kuti zotsala sizikwanira lendi ndi ndalama zimene analonjeza kutumiza kwa amace za feteleza.

Inu amene mwatsiriza sukulu caka cino, musafulumire kumseka kapena kuseka abale acewo. Iwo sanabe kanthu. Anacita cimene anacitira alendo pa makomo ao moyo wao wonse, ndipo mnyamatayo akadafika kwa ali yense wa iwo akadamphera nkhuku osawerenga. Kusiyana kwace nkwakuti nkhuku ya kumudzi idzitolera yokha cakudya pabwalo, nsima nicokera m'nkhokwe imene banja lonse linalimira, pamene mbale ya pa Rufunsa icokera m'malipiro a munthu mmodzi, amene afika kamodzi pa mwezi ndipo satambasuka. Wakumudzi saona kusiyanaku, ndipo kumfotokozera kumveka ngati kumana.

Nayenso mai wophikayo ali ndi masamu ace, amene odya saganizira. Ufa agula, makala agula, mafuta, mcere, tomato ndi anyezi agula, madzi alipira wotunga, ndipo zonsezi alipira lero, pamene a m'buku adzamlipira pa 30, akakumbukira. Kalaliki akasamutsidwa mwadzidzidzi kunka ku Boma lina, tsamba lace litsala m'buku losafafanizidwa. M'caka ca 2024, pamene mvula inakana ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza m'mwezi wa February kuti cilala cimeneco ndi tsoka la dziko lonse, cimanga cinauma m'minda ndipo ufa unakwera mtengo. Ophika ambiri anaopa kukweza mtengo wa mbale kuti angathawitse anthu, motero anacepetsa mtanda. Odya anadandaula kuti cipande cafota, koma anabwerabe.

Cinthu cimodzi cimene casintha, ndipo casintha bwino, ndico kasambidwe ka m'manja. Mwambo wakale unali wa beseni limodzi, akuru kuyamba, ana kutsiriza m'madzi amene asanduka kale phala. Kolera ndiye anaphunzitsa anthu. Matendawa anabuka ku Lusaka mu October 2017, kotero kuti Boma linacotsa ogulitsa zakudya m'miseu ya mumzindamo kuciyambi kwa 2018. Anabukanso mu October 2023, masukulu nacedwa kutsegulidwa mu January 2024, ndipo bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasanduka cipatala. Popeza mseu umene ubweretsa odya ndi womwewo ungabweretse matenda, nyumba ya zakudya yosamala iri ndi ndowa ya mpopi pakhomo ndi sopo, kapena mwana wothirira madzi ndi jagi. Munthu wanzeru ayang'ana ndowayo asanafunse za ndiwo, ndipo asankha nsima yotentha yocoka pamoto, osati saladi amene sadziwa madzi anamtsuka.

Ophunzira unamwino, amene aphunzitsidwa zimenezi m'kalasi, ndiwo abvuta kwambiri pa ukhondo, ndipo ndiwonso anabweretsa zakudya zatsopano. Iwo afuna cipisi ndi soseji, mazira okazinga m'banzi, ndi cakumwa cozizira ngati magetsi alipo. Akapita ku Lusaka pa chuti abwerako ndi nkhani za nkhuku ya ku Hungry Lion ndi pitsa ya ku Debonairs, mkate wopyapyala uja wopakidwa tomato ndi cizi, umene kwao kweni kweni ndi ku Naples m'dziko la Italy. Nzodabwitsa kuti cakudya cacilendo cimeneci ndico cifanana ndi mwambo wa makolo koposa mbale ya pa kantemba, cifukwa cibwera cimodzi cacikuru codulidwadulidwa, anthu anai kapena asanu nasonkha ndalama, natambasulira manja m'bokosi limodzi. Koma wodya pitsa masana, pofika madzulo amveka akunena kuti lero sanadye, pakuti sanaone nsima.

Kalaliki wa ku Katete uja anagula mbaula, miphika iwiri ndi thumba la ufa la makilogalamu 25, ndipo anauza maiwo kuti atseke tsamba lace akatsiriza ngongole, imene inamtengera miyezi itatu. Tsopano mlendo wa kwao akatsika basi, amtengera ku kacipinda kace, namuika pa mpando umodzi umene ali nao, nasonkha moto yekha. Nsima icedwa, nthawi zina ikhala ndi mibulu, koma mlendo aona ndi maso ace kukula kwa thumba la ufa ndi kucepa kwa cipinda, ndipo mbiri imene ifika ku Katete yayamba kulingana ndi malipiro. Atsibweni ace ananena poyera kuti nthawi yakwana yakuti akwatire. Kwa mai aja apitako Lacisanu lokha, ndi ndalama m'manja, ndipo iwo amsungira cidutswa ca nkhuku ngakhale pa 20 pa mwezi.