Mtundu wa Magazi

Agogo aja adachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 akadali mnyamata, nakalowa ntchito mu mgodi wa golide wa Cam and Motor, pafupi ndi Kadoma, tauni imene masiku amenewo inkatchedwa Gatooma. Atakalamba adakakhala kwa mwana wawo ku Chegutu, ndipo kumeneko n'kumene matenda adawapezera. Kuchipatala adawayeza napeza kuti magazi achepa kwambiri m'thupi mwawo, kotero kuti adayenera kuthiridwa ena tsiku lomwelo. Agogo adakanitsitsa.

Amene adaitanidwa kudzawanyengerera adali mdzukulu wawo wamkazi, wophunzira udokotala m'chaka chachinayi. Za magazi ankazidziwa ndithu. Adaphunzira kuti Karl Landsteiner ndiye adatulukira magulu a magazi mu 1901. Kuti munthu akathiridwa magazi a gulu losayenera, chitetezo cha m'thupi chimaswa maselo ofiira ndipo impso zimatha kuleka kugwira ntchito. Kuti thumba la magazi limasungidwa pozizira madigiri 2 mpaka 6. Ndiponso kuti wodwala amayang'aniridwa mosaphethira mphindi 15 zoyambirira. Koma zonsezi adaziphunzira m'Chingerezi, pamene Chingerezi cha agogo chidali cha malamulo a akapitawo a ku mgodi basi.

"Agogo, musaope. Akupatsani magazi a mtundu wanu womwe," adatero mtsikanayo atagwada pambali pa bedi.

"Mtundu wanga?" adafunsa agogo. "Iwe mdzukulu wanga, ine ndine Mchewa, wa kwa Phiri. Magazi a Mchewa awapeza kuti kuno?"

Apa m'pamene mtsikanayo adazindikira kuti liwu limodzi lamusocheretsa. M'buku lake mtundu unkaimira A, B, AB kapena O. M'khutu la agogo mtundu udali fuko, makolo ndi manda a kumudzi. Munthu amene kwa zaka zoposa 60 adatchedwa mlendo, anzake namunena kuti ndi wa "mabhurandaya" chifukwa cha Blantyre, adali atasunga chinthu chimodzi chimene ankati n'chakechake: magazi a kwawo. Komanso mu 2017 adamva kwa abale za mphekesera ya anamapopa imene idaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Kwa iwo, magazi a m'thumba adali ndi mwini wake amene adalandidwa.

Mtsikanayo adayambanso mwanjira ina. Adati magazi ali ngati khasu ndi mpini: chofunika n'chakuti zigwirane, osati kuti adasema mpiniwo ndi wa fuko lanji. Magazi a mwana wawo weniweni akhoza kukana thupi lawo, a Mshona kapena Mndebele n'kuwayanja. Adawauza kuti ambiri opereka magazi m'Zimbabwe ndi ana a sukulu, opereka mwakufuna kwawo, ndi kuti kalabu ya Pledge 25, ya achinyamata olonjeza kupereka magazi ka 25, idayambira m'dziko lomwelo mu 1994. Adawauzanso kuti magazi operekedwa akhala akuyezedwa kachilombo ka HIV kuyambira mu 1985. Atafunsa za mtengo, adawayankha kuti boma lidachotsa malipiro a magazi m'zipatala zake mu 2018.

Agogo adakhala chete kanthawi, kenaka adatambasula mkono.

Sukulu za udokotala, kaya ku Harare kaya ku Blantyre, zili ndi zambiri zoti ziphunzitse m'zaka zochepa, ndipo phunziro la kuthira magazi nthawi zambiri limapatsidwa maola owerengeka. Komabe lamulo la ntchitoyi limafuna kuti wodwala avomere atamvetsa, ndipo munthu amamvetsa m'chinenero chimene amaopera nacho. Wophunzira amene sadayesepo kufotokoza gulu la magazi m'Chichewa, m'Chishona kapena m'Chindebele adzakayesera koyamba pa wodwala weniweni, nthawi ikutha.

Thumba lachiwiri litatha, milomo ya agogo idayamba kufiira. Adaitana mdzukulu wawo namupempha kuti akathokoze mwana amene adapereka magaziwo. Mtsikanayo adawafotokozera kuti pathumba pamalembedwa nambala yokha, dzina la wopereka siliululidwa.

"Basitu," adatero agogo, "ndiye kuti mwana wa sukulu aliyense wodutsa pakhomo panga ndizimupatsa moni ngati mbale."